Sampulo yabwino imakhala yotani, ya kulabu ndi ya mabuku zimafanana?

Achemwali ena amene akumaliza digiri ya literecha alemba kuti: "Ndikupanga kafukufuku wa mmene amayi amaonetsedwera m'manovelo a zaka za m'ma 1980. Ndinasankha mabuku 6 koma asupavaiza andibwezera pepala atalemba kuti sampulo yanga siyokhutiritsa. Mchimwene wanga amagwira ntchito mulabu ya chipatala, akuti kwawo sampulo ikakanidwa amangotenga ina yambiri, nde akuti ndingoonjezera mabuku afike 20. Kodi zili choncho? Sampulo yabwino ndi iti kwenikweni?"

Achemwali, kuonjezera mabuku pakokha sikuthetsa vuto lanu, mukhoza kufika 20 asupavaiza nkukubwezeranibe pepala ndi mau omwe aja. Mchimwene wanuyo mumufunsenso atakhala pansi, akuuzani yekha kuti masampulo amene amakana tsiku ndi tsiku ambiri sakanidwa chifukwa choti achepa ayi, amakanidwa chifukwa china chake chachitika panjira, kuchokera pamkono pa wodwala kukafika pabenchi. Ndiyambira kwawoko chifukwa kulabu zinthuzi zimaoneka ndi maso.

Tengani magazi oyeza potaziyamu. Potaziyamu wambiri amakhala mkati mwa maselo ofiira, kuposa ka 20 amene amakhala m'madzi a magazi amene mashini amayezawo. Nde ngati wotenga magazi wakoka sirinji mwamphamvu, kapena singano yachepetsa, kapena wafinyira magazi mukabotolo kudzera pasingano pomwepo kenako nkukhutchumula, maselo aja amasweka potaziyamu nkutayikira kunja, mashini nkutulutsa nambala yokwera yoti dokotala akaiona athamanga poganiza kuti mtima wa munthuyu uima pompano, chonsecho munthu ali bwinobwino. Mashini sananame, ayezadi zimene zinali mukabotolo, kungoti zimene zinali mukabotolo si zimene zili m'thupi. Mukatenga timabotolo 10 mwa njira yomweyo mupeza nambala zolakwika 10, basi.

Ndipo njira zoonongera sampulo ndi zambirimbiri. Kabotolo ka chivindikiro chapepo kali ndi mankhwala a EDTA oletsa magazi kuundana, mankhwalawo ali ndi potaziyamu wake komanso amagwira kashiamu, nde kadontho kake kakalowa mukabotolo kena mumapeza potaziyamu wakwera kashiamu watsika, nchifukwa chake pali ndondomeko ya kabotolo koyamba kudzaza ndi komalizira. Magazi oyeza shuga akangokhala patebulo osapatulidwa, maselo amapitiriza kudya shuga uja ndipo amatsika ndi 5 mpaka 7 peresenti pa ola lililonse. Kabotolo koyezera kuundana kwa magazi kamafuna magawo 9 a magazi pa gawo limodzi la mankhwala, kakadzazidwa theka zotsatira zake nzosadalirika. Mukatenga magazi pamkono pamene pali dripi ndiye kuti mwayeza dripiyo. Munthu woyezedwa TB akalavula malovu m'malo motsokomola makhololo ochokera pansi pa chifuwa, mwayeza mkamwa, mapapo simunawafike nkomwe. Chowawa kwambiri ndi lebulo, sampulo yotengedwa mwaukadaulo koma yolembedwa dzina la munthu wina, imeneyo ndi yoopsa kuposa yosweka maselo chifukwa siimaoneka kuti ili ndi vuto. Mario Plebani ndi Paolo Carraro ku Padua, Italy, anawerenga zolakwika za mulabu yawo mu 1997 nkubwerezanso mu 2007, ndipo maulendo onse awiri zolakwika zoposa 60 pa 100 zinali zochitika sampulo isanalowe m'mashini.

Mchimwene wanu sakunama kotheratu, pali pena pamene kuchuluka ndiye nkhani. Akafuna kuona ngati m'magazi muli mabakiteriya, munthu wamkulu amamutenga mamililita 8 mpaka 10 pabotolo lililonse, chifukwa tizilomboto timakhala tochepa kwambiri moti mukatenga kadontho mukhoza kutiphonya. Chinthu chikakhala chosowa pamafunika sampulo yaikulu kuti mukumane nacho. Koma kukulako kumathandiza pokhapo pamene katengedwe kali kale bwino, khungu likapanda kupukutidwa bwino mamililita 10 aja angokulitsa tizilombo ta pakhungu.

Nkhani imene aphunzitsi a kafukufuku amaikonda pamenepa ndi ya chisankho cha ku America cha 1936. Magazini ya Literary Digest inatumiza timapepala pafupifupi 10 miliyoni kufunsa anthu amene adzamuvotere, tinabwerako toposa 2 miliyoni, sampulo yaikulu zedi, ndipo analengeza kuti Alf Landon apambana. Franklin Roosevelt anatenga zigawo 46 pa 48. Maina ambiri anawatenga m'mabuku a manambala a foni ndi m'kaundula wa eni magalimoto, nthawi ya umphawi wadzaoneni imene foni ndi galimoto zinali za opeza bwino, kuonjezera apo amene anavutikira kuyankha ambiri anali oipidwa ndi Roosevelt. George Gallup, katswiri wofufuza maganizo a anthu, anafunsa anthu pafupifupi 50,000 okha nkunena molondola kuti Roosevelt apambana. Magazini ija sinatenge zaka ziwiri inatha. Nde mabuku anu 14 oonjezerawo mukawatola pashelefu yomwe ija munatola 6 oyamba, mwapanga zomwezi basi.

Pali chinthu china chimene anthu a labu ya chipatala amaiwala chifukwa magazi anawazoloweza zofewa. Magazi amasakanizidwa ndi mtima nthawi zonse, nde kasupuni kochokera mumtsempha wa mkono wamanja kamafanana kwambiri ndi ka mkono wamanzere. Zinthu zambiri padziko sizili choncho. Dothi la m'munda umodzi limasiyana kumtunda ndi kumunsi, nchifukwa chake oyeza nthaka amayenda mokhotakhota kutapa malo 15 kapena 20 nkusakaniza kenako nkutengapo pang'ono. Mulu wa miyala ya mumgodi ndiye kwambiri, yaikulu imagubudukira mmbali yaing'ono nkutsalira pakati, golide akhoza kuunjikana mukamwala kamodzi ena onse mulibe. Pierre Gy, katswiri wa ku France amene anathera moyo wake pa nkhani yotapa masampulo a miyala kuyambira m'ma 1950, mfundo yake yaikulu inali yoti kachidutswa kalikonse ka mumuluwo kakhale ndi mwayi wofanana wolowa musampulo, ndipo wotapa pamwamba pokha chifukwa mpamene dzanja likufika walakwitsa kale olo mashini ake akhale abwino chotani. Mabuku ali ngati miyala ya mumgodiyo, palibe mtima umene umawasakaniza. Amene ali pamwamba pa mulu, oti dzanja lanu lifika msanga, ndi amene ali pasilabasi, amene anapata mphoto, amene amasindikizidwabe, amene laibulale inagula.

Ndipo wotenga sampulo akhoza kusankha yankho asanayeze nkomwe. Ku Flint, mzinda wa ku Michigan ku America, atasintha kotunga madzi a mzinda mu 2014 madziwo anayamba kudya mapaipi mtovu nkumalowa m'madzi akumwa. Lamulo la nthawiyo linkati muyeze nyumba zimene zili pachiopsezo chachikulu, za mapaipi a mtovu, ndipo mutenge madzi oyamba kutuluka atagona mupaipi maola osachepera 6. Koma anthu ankauzidwa kuti atsegule kaye mpopi madzulo ake madzi atayike, ndipo nyumba zoyezedwazo sizinatsimikizidwe kuti nzimene zili ndi mapaipi oopsawo, nde malipoti ankaoneka abwinoko pamene ana akumwa mtovu. Mu 2015 gulu la Marc Edwards wa ku yunivesite ya Virginia Tech litatolera masampulo pamodzi ndi anthu okhala mumzindamo, chithunzi chinasinthiratu. Ndimaitchula nkhaniyi kwa ophunzira a literecha chifukwa kusankha mabuku amene mukudziwa kale kuti agwirizana ndi zimene mukufuna kunena ndi kutsegula mpopi madzulo komweko, ndipo ambiri amachita osadziwa, amangoti "awa ndi amene ali ndi zambiri zoti ndilembe".

Pali malo amene labu ndi zolembedwa zimakumana maso ndi maso, ndipo pamenepo mpamene mumaona bwino kuti sampulo imayankha funso lake lokha, osati limene inu mukulakalaka. Mu 2015 University of Birmingham inalengeza kuti masamba a Korani amene imasunga anayezedwa ku Oxford ndi njira yopezera zaka za zinthu zakale yotchedwa radiocarbon, zotsatira nkuonetsa zaka za pakati pa 568 ndi 645. Chimene chinayezedwa ndi chikopa cholembapo, ndiye kuti zakazo nza nthawi imene nyamayo inafa, tsiku limene mlembi anaika inki ndi funso lina lofuna umboni wake monga kalembedwe ka zilembo. Mapu otchedwa Vinland Map a ku yunivesite ya Yale, amene ankati akuonetsa gombe la America Columbus asanafike, chikopa chake chinayezedwa nkupezeka kuti nchakaledi, cha m'ma 1430. Koma inki yake ili ndi titanium wa mtundu umene unayamba kugwiritsidwa ntchito m'ma 1920, ndipo mu 2021 Yale inanena poyera kuti mapuwo ndi achinyengo. Woyeza chikopa sanalakwitse, munthu anangojambula zatsopano pachikopa chakale.

Tsopano mabuku. Chitsanzo chimene chimandisangalatsa kuposa zonse ndi cha zisudzo za Agiriki akale. Sophocles analemba zisudzo zoposa 120, zatsala 7. Euripides analemba pafupifupi 90, ndipo zimene zatifika m'dzina lake ndi 19. Mwa zimenezi 10 ndi zimene anthu akale anachita kusankha nkumazikopera mobwerezabwereza, zikuoneka kuti nzimene ankaphunzitsira. Zina 9 zinapulumuka mwangozi chabe: panali mpukutu wa zisudzo zake zonse zosanjidwa motsata alifabeti, kachigawo kake kamodzi nkupulumuka, nde tili ndi zisudzo zimene maina ake amayamba ndi zilembo zoyandikana za Chigiriki, zosungidwa m'buku lolembedwa pamanja la m'zaka za m'ma 1300 limene lili ku Florence. Palibe anazisankha chifukwa choti nzabwino kapena nzomvetsa chisoni, zinangogwera pamenepo chifukwa cha chilembo choyamba, nde ndi pafupifupi sampulo yamaere imene mbiri inatipatsa ulere. Mukaziwerenga mumapeza Euripides wina, muli Helen ndi Ion zimene zimathera pa kukumananso kwa anthu otayana osati pa maliro, mulinso Cyclops, chisudzo chokhacho cha mtundu wake woseketsa chimene chatsala chathunthu. Pakanapanda ngozi imeneyi bwenzi tikulumbira kuti tikumudziwa munthuyu, chonsecho tikudziwa zokonda za aphunzitsi amene anamusankhira. Nanga Sophocles amene tili ndi zosankhidwa zokhazokha, tikumudziwa iyeyo kapena omusankha?

Katswiri wa literecha Franco Moretti anawerengetsa zofanana pa manovelo a ku Britain a zaka za m'ma 1800, anati olo mutati mabuku odziwika amene akatswiri amawerenga ndi 200, chiwerengero chimenecho sichikwana 1 peresenti ya manovelo amene anasindikizidwa nthawi imeneyo. Nde munthu akalemba kuti "novelo ya nthawi imeneyo inkaonetsa amayi mwakutimwakuti" atawerenga otchuka okhaokha, akunena za kagulu kosankhidwa ndi mibadwo ya pambuyo pake, kamene mwina kanasankhidwa chifukwa choti nkosiyana ndi anzake. Buku limatchuka nthawi zambiri chifukwa silinali wamba. Inu mukufuna kudziwa za wamba kapena za otchukawo? Onse ndi mafunso abwino koma sampulo yake siimodzi.

Kwina kumene nambala imapusitsa ndi kwa akatswiri oyerekeza zolembedwa pamanja. Chipangano Chatsopano cha Chigiriki chili ndi zolembedwa pamanja zoposa 5,000, zambiri mwa izo nza m'zaka za m'ma 800 kupita mtsogolo. Mukanati muzingowerenga mavoti, mau opezeka m'makope ambiri akanapambana nthawi zonse. Koma makope 100 okopedwa kuchokera ku kope limodzi ali ngati anthu 100 amene abwera kudzachitira umboni pamlandu onse atamva kwa munthu mmodzi, mboni ndi imodzi yomweyo. Nchifukwa chake kuyambira nthawi ya Karl Lachmann m'zaka za m'ma 1800 akatswiri amayamba alondola kaye kuti kope ili linachokera ku liti, poona zolakwika zimene makope amagawana, ndipo makope awiri a m'zaka za m'ma 300, Codex Sinaiticus ndi Codex Vaticanus, amalemera kuposa mulu wa apambuyo. Katswiri wina, Erasmus, posindikiza Chipangano Chatsopano cha Chigiriki ku Basel mu 1516 anagwiritsa makope ochepa amene anawapeza pafupi, onse apambuyo, ndipo la Chivumbulutso linali limodzi lokha lopanda tsamba lomaliza, nde mavesi 6 omaliza anachita kuwamasulira yekha kuchokera ku Chilatini kubwerera ku Chigiriki. Buku lake linakhala maziko a mabaibulo ambiri kwa zaka mazana. Kulabu vuto lomweli lilipo, mukagawa magazi a kabotolo kamodzi patatu nkuyeza katatu mwayeza kukhulupirika kwa mashini, simunayeze anthu atatu. Nde yang'anani mabuku anu 6 aja: ngati atatu ndi a mlembi mmodzi, kapena onse anatuluka kukampani imodzi yosindikiza pansi pa mkonzi mmodzi amene anali ndi zokonda zake, mwina muli ndi mboni ziwiri kapena zitatu basi.

Ndipo mabuku nawo amaonongeka panjira ngati magazi aja. Kope limene muli nalo ndi loyamba la 1984 kapena ndi lokonzedwanso patapita zaka 15 mlembi atasintha maganizo? Ndi lofupikitsidwa kuti ana asukulu awerenge, atachotsamo ndime zokhudza kugonana ndi nkhanza, zomwe ndi ndime zimene kafukufuku wanu akuzifuna kwambiri? Ndi lomasuliridwa? Ngati ndi lomasuliridwa ndipo mukufuna kunena za mau amene mlembi amagwiritsa pofotokoza akazi, mukuyeza womasulira. Amene amagwiritsa kompyuta kuwerenga mabuku masauzande ali ndi lawo vuto, makina ojambula masamba amasokoneza zilembo, mwachitsanzo s wamtali wa m'mabuku akale achingerezi amamuwerenga ngati f, ndipo zaka zosindikizira zimalembedwa molakwika, imeneyo nde lebulo yolakwika ija. Zonsezi muzilembe mupepala lanu, kope liti, la chaka chiti, losindikizidwa ndi ndani. Anthu amaona ngati ndi mwambo chabe wa kumapeto kwa pepala koma ndi lebulo ya sampulo yanu.

China chimene ndikukayikira kuti asupavaiza anu anachiona ndi kusowa kwa poyerekezera. Kulabu nambala payokha ilibe tanthauzo, shuga wa 7 ndi wokwera kapena ayi malinga ndi muyezo wa anthu abwinobwino komanso ngati munthuyo anadya kapena ayi, ndipo tsiku lililonse amayeza kaye sampulo yodziwika kale yankho lake kuti aone ngati mashini ali bwino. Ku literecha chitsanzo chabwino ndi cha Federalist Papers, nkhani 85 zimene Alexander Hamilton, James Madison ndi John Jay analemba ku America mu 1787 ndi 1788 pansi pa dzina limodzi lobisika. Panali 12 zimene anthu ankakangana kuti nza Hamilton kapena Madison. Akatswiri a ziwerengero Frederick Mosteller ndi David Wallace, m'ntchito yawo ya 1964, sanayambire pa zokanganiranazo, anayamba atolera zolemba zimene zinali zodziwika bwino mwini wake, nkuwerenga timau ting'onoting'ono timene munthu amalemba osaganiza, monga liu lachingerezi loti upon amene Hamilton ankamukonda pamene Madison sankamugwiritsa kawirikawiri. Anasankha timau totere dala chifukwa mau akuluakulu amatsata mutu wa nkhani osati mlembi. Atatsimikiza kuti njirayo ikusiyanitsa bwino zodziwikazo mpamene anaigwiritsa pa 12 zija, ndipo zinaloza kwa Madison. Inuyo mukapeza kuti m'mabuku anu amayi ambiri amaonetsedwa ali pakhomo osatuluka, mudziwa bwanji kuti zimenezi nza m'ma 1980? Mwina m'ma 1970 zinali chimodzimodzi, mwina m'ma 1990 zinaipiraipira. Popanda mabuku angapo a mbali iyi ndi iyo simunganene kuti nza zaka zimenezo.

Musamve ngati ndikunena kuti mabuku 6 ndi ochepa nthawi zonse ayi, ndipo apa ndimasiyana ndi anzanga ena amene amafuna kuti kafukufuku aliyense akhale wa maere ndi matebulo. Dokotala akafuna kudziwa ngati chotupa ndi khansa satenga kanyama pena paliponse pathupi mwamaere, amalunjika pachotupa penipeni nkudula kachidutswa kamene akuona kuti kanena zambiri, ndipo imeneyo ndi sampulo yabwino kwambiri pa funso lake. Koma kachidutswa kameneko sikangakuuzeni kuti anthu angati m'dziko ali ndi khansa. Kuwerenga buku limodzi mozama, mzere ndi mzere, ndi ntchito ya mtundu umenewo, ndipo ntchito zambiri zapamwamba za literecha zinapangidwa pa buku limodzi kapena ndakatulo imodzi. Sampulo imodzi yabwino imakwana kuonetsa kuti chinthu chilipo komanso mmene chimagwirira ntchito. Siikwana kuonetsa kuti nchofala, ndipo siikwana kuonetsa kuti kulibe, paja makhololo amodzi osapezeka tizilombo satanthauza kuti munthu alibe TB. Ophunzira ambiri amagwa apa, amawerenga mozama ngati odula chotupa kenako pomaliza nkulankhula ngati apanga kalembera wa dziko lonse. Mutu wanu ukuti "m'manovelo a zaka za m'ma 1980", mau amenewo ndi a kalembera.

Nde muli ndi njira ziwiri ndipo zonse nzolemekezeka. Yoyamba, chepetsani zimene mukulonjeza kuti zifanane ndi zimene muli nazo. Mutu ukhale wa mabuku 6 amenewo kapena wa alembi amenewo, mufotokoze chifukwa chimene munasankhira lililonse, kaya ndi amene ankawerengedwa m'sukulu nde anaumba maganizo a m'badwo wonse, kaya ndi oyamba kulembedwa ndi akazi, chifukwa chilichonse chomveka chimene munthu wina angachitsutse kapena kuchivomereza. "Ndi amene ndinawapeza" ndi chifukwa chofooka koma ngati ndi zoona chilembeni, kusiyana nkupeka chifukwa chapamwamba pambuyo.

Yachiwiri ndi yotopetsa koma ndi imene imakupatsani ufulu wonena za zaka zonsezo. Yambani ndi mndandanda wa manovelo onse amene mungawapeze kuti anatuluka kuyambira 1980 mpaka 1989 m'dera ndi m'chilankhulo chimene mukuphunzira, kuchokera m'makatalogi a malaibulale, a makampani osindikiza, ndemanga za m'manyuzi a nthawiyo, olo mabuku amene simungawagwire m'manja alembeni ndithu chifukwa muyenera kudziwa kukula kwa mulu musanatape. Ntchito imeneyi payokha imatsegula maso, mupeza maina oti simunawamvepo, timabuku tachikondi totchipa timene anthu ankawerenga kwambiri kuposa a pasilabasi koma palibe katswiri anatilembapo kanthu. Kenako gawani muluwo malinga ndi zimene mukuganiza kuti zingasinthe yankho, alembi aamuna ndi aakazi, kumayambiriro ndi kumapeto kwa zakazo, makampani akuluakulu ndi ang'onoang'ono, nkutenga m'gulu lililonse mwa lamulo limene mwaliika musanatsegule mabukuwo, maere enieni kapena buku lachitatu lililonse pamndandanda. Lamulolo likakugwetserani buku losakoma muliwerenge ndithu, musalisinthe ndi lina lokusangalatsani. Limene lasowa mulembe kuti lasowa, ndipo muone ngati osowawo akufanana, ngati onse osowa ndi a akazi kapena a timakampani tating'ono ndiye kuti sampulo yanu yapendekera mbali imodzi ndipo owerenga ayenera kuuzidwa.

Pa njira zonse ziwiri ikanimo dala buku limodzi kapena awiri amene mukuwaopa, amene mukuganiza kuti atsutsa zimene mukufuna kunena. Mfundo yanu ikapirira pamenepo ndiye kuti ndi yolimba, ikagwa mwapeza chinthu chosangalatsa kuposa chimene munayamba nacho, ndipo kunena zoona machaputala abwino amene ndimawerenga amachokera pa buku limene linakana kulowa mumzere.

Za nambala yeniyeni, palibe nambala yamatsenga, 20 ija mchimwene wanu wangoitchula. Zimadalira kukula kwa mndandanda ndi kusiyanasiyana kwake. Mukapeza kuti manovelo onse a zaka zimenezo m'dera lanu ndi 25, mukhoza kuganiza zowerenga onse nkhani ya sampulo nkutheratu. Akakhala 400 simungathe, nde mutha kupanga magawo awiri, kuwerenga mopepuka mabuku 30 kapena 40 mukulemba zinthu zochepa zomwezomwezo pa lililonse, monga mwini nkhani ndi ndani, amagwira ntchito yanji, nkhani imamuthera bwanji, kenako nkusankhapo 5 kapena 6 oti muwalowe mozama, ndipo pamenepo mukhala mukudziwa ngati 6 amenewo ali pakati pa mulu kapena kumphepete. Chizindikiro china choti mwayandikira kukwana ndi pamene mabuku atsopano asiya kukuonetsani mitundu yatsopano ya amayi, koma chizindikirochi chimagwira ntchito pokhapo ngati mukutapa mbali zonse za mulu, mukamatapa pakona imodzi zinthu zimayamba kufanana msanga.

Musanachite chilichonse pitani kwa asupavaiza ndi tsamba limodzi lokha, pamwamba funso lanu m'chiganizo chimodzi, pansi pake mabuku 6 aja lililonse ndi chaka chake, kope limene mukugwiritsa, wosindikiza, ndi mmene linafikira m'manja mwanu, ndipo muwafunse kuti vuto aliona pa kuchuluka, pa kasankhidwe, kapena pa kukula kwa mutu. Mau oti "siyokhutiritsa" akhoza kutanthauza chilichonse mwa zitatuzi ndipo mankhwala ake ndi osiyana, lachitatulo mukhoza kulikonza madzulo amodzi osagula buku ngakhale limodzi.